Laputopu ya Ababa

Kitchener, 3 Novembala

Okondedwa achemwali a Verna,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija likuwatani ndi kuzizira kwayambaku? Ine kuno ndilipo, kungoti ndatopa, ndipo maso akuwawa ngati alowa mchenga. Jamu munatumiza uja ndinalandira, botolo limodzi latha kale.

Kuntchito yolipidwa kulibe nkhani. Chikundidya ndi ntchito ina ija yopanda malipiro, imene alamu amati ndi mpingo wanga. Paja tili kagulu kopanga pulogalamu yaulere yosanja mawindo pa sikirini ya kompyuta. Gawo langa ndi la malaputopu okhala ndi makhadi awiri ojambula zithunzi. Khadi lina limajambula, koma chingwe chopita ku sikirini yaikulu chimatulukira ku khadi linzake, ndiye chithunzi chilichonse chiyenera kupatsiridwa kuchoka uku kupita uko. Ndatha zaka ziwiri ndikukonza kupatsiranako kuti kusamadodome.

Mwezi wathawu bambo wina wa ku Winnipeg, a Thiessen, anatilembera dandaulo. Ndi munthu wachikulire wa maso ofooka, amawerengera makalata ndi mapepala a mankhwala pa sikirini yaikulu atakuza zilembo. Anati akatseka laputopu n'kuitsegulanso, sikirini yaikuluyo imangoti bii, mpaka azimitse zonse n'kuyambiranso. Ine ndinayesa pa makompyuta anga atatu, osaona vuto. Ndinawayankha mwachidule kuti kwanga zikuyenda bwinobwino, ayese chingwe china, ndipo dandaulolo ndinalitseka. Matenda athu ife a ntchito imeneyi ndi omwewo, chimene sichinachitike pamaso pathu timati sichinachitike.

Bamboyo sanakwiye. Anagula chingwe china, n'kujambula vidiyo ya vutolo, n'kutitumizira. Kenaka anthu ena anayi anabwera ndi dandaulo lomwelo, onse a laputopu ya mtundu umodzi. Renaud, amene amatitsogolera, anandiuza mosapita m'mbali kuti lamulo ndikulidziwa: chilichonse chosokoneza zimene zinkayenda kale chimachotsedwa tisanatulutse pulogalamu yatsopano. Wandipatsa mpaka pa 24 mwezi uno. Ndikalephera, ntchito yanga yonse ija aizula. Anawonjezera kuti makompyuta anga atatuwo ndi okhawo padziko lapansi amene amandiopa. Anzanga anaseka, ine ayi.

Cholakwikachi sindingachipeze popanda laputopu ya mtundu umenewo m'manja mwanga, ndipo anasiya kale kuzipanga. Ndazungulira masitolo a katundu wakale mpaka ku Toronto, kulibe. A Thiessen anati anditumizire yawo, ndinakana. Adzawerengera chiyani masabata atatu onsewo?

Ndiye pempho langa ndi ili, achemwali, ndipo pafoni sindikanatha kulinena. Laputopu ya ababa ndi ya mtundu womwewo. Ndine ndinawabweretsera pa Khirisimasi, n'kuikamo pulogalamu yathuyi ikadali yoyesera. Ndikudziwa kuti ili m'kabati monga anaisiyira, ndiponso kuti amayi safuna munthu aikhudze. Ndikupempha muwalankhule inu, poti inu amakumverani. Muwauze kuti sindifufuta kanthu. Zithunzi za boti ndi za adzukulu zonse zibwerera, ndipo ndidzaibweza ndekha, osati papositi. Akalola, muitumize sabata ino ndi chaja chake.

Pali china chimene simukuchidziwa. Mu Febuluwale ababa anandiimbira kawiri. Anati akalumikiza laputopu ku TV ya pabalaza kuti aone za nyengo ya panyanja, akangotseka n'kutsegulanso, TV imada. Ndinawauza kuti ndi chingwe. Ulendo wachiwiri ndinawaseka, ndinati zala zozolowera ukonde zimavutika ndi zinthu zazing'ono. Anangoti chabwino, wodziwa ndiwe, ndipo sanaibwerezenso nkhaniyo. Mukukumbukira zingwe ziwiri zatsopano zija tinazipeza m'dirowa yawo maliro atatha, tikudabwa kuti zinali zachiyani? Ine ndazindikira Lachisanu lapitali, ndili m'basi yopita kuntchito. Ndinatsika pamalo osakhala anga n'kukhala pabenchi mpaka basi ziwiri zinandipitirira. Ndili ndi manyazi, achemwali. Munthu anaona bwinobwino, ananena bwinobwino, ndipo anapita akuganiza kuti wolakwa ndi iye.

Pantchito yathuyi tili ndi mwambo. Tikakonza cholakwika, pansi pake timalemba dzina la amene anayamba kuchiona, ndipo dzinalo limakhala m'mbiri ya pulogalamuyo mpaka kalekale. Renaud ndamuuza kale kuti pano padzakhala maina awiri, la a Thiessen ndi la ababa. Anafunsa kuti Ambrose Pelley ndi ndani, poti sanaonepo dandaulo lake. Ndinamuyankha kuti dandaulolo linabwera kwa ine.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu a Cyril, kwa azakhali a Effie, ndi kwa ana onse atatu. Amayi akakana musawakakamize, ndidzamvetsa.

Ndine mlongo wanu,
Leander