Chifuwa cha Batani

Lolemba, 8 Januwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi bambo. Mundikhululukire zilembo zokhotakhota, ndikulembera pabondo kuseri kwa khitchini, mwana ali kumsana, ndipo mayi wogulitsa kaunjika amene anditengere kalatayi wati sachedwa. Foni sindingakuimbireni, ili m'thumba mwa bambo ake a mwana. Achimwene, ngati ndinu mukuwawerengera amayi, chonde musadumphe mzere powamvera chisoni. Amve zonse.

Amayi, mdzukulu wanu akudwala. Uja munamusiya ali ndi masaya ngati mabanzi, amene agogo ake atelala anamutcha Batani, lero nthiti zili pamtunda. Chifuwa chinamuyamba mvula isanagwe. Si chaphokoso ayi, ndi kachifuwa kouma, koma sikatha. M'mawa nsalu imene wagonera ndimaipeza itanyowa ndi thukuta ngati ndaichapa. Anali atayamba kuyenda chogwira mipando, tsopano wasiya, amangokhala pamene ndamukhazika n'kumandiyang'ana. Bere amayamwa pang'ono n'kulilavula.

Chipatala chathu munachiona pamene ndinkachira. Sichinasinthe, zipinda ziwiri zomwe zija, benchi pakhonde, ndi sikelo yopachika pamtanda wa denga. Adokotala akadali okha ndi anesi amodzi aja. Ozula mano ndi iwo, obadwitsa ana ndi iwo, osoka mabala ndi iwo, ndipo masana akatha mzere amakwera njinga yamoto kukaona amene sangathe kuyenda. Palibe nyumba imene saidziwa. Batani anabadwira m'manja mwawo, mwendo wa bambo ake anausoka ndi iwo utatemedwa ndi khasu, ndipo apongozi aakazi amalandira kwa iwo mankhwala a BP.

Ndinapitako kawiri m'mbuyomu, anatipatsa mankhwala amadzi, koma sizinasinthe. Vuto ndi lakuti sindipitako ndekha. Apongozi aakazi amandiperekeza mpaka m'chipinda, amakhala pampando, ine ndimaimirira ndi mwana, ndipo funso lililonse amayankha ndi iwo.

Lachinayi lapitali tinapitanso. Anesi atamupachika Batani pasikelo anangoitana adokotala kuti adzaone okha. Adokotala anamuvula malaya, anamumvera m'chifuwa kutsogolo ndi kumbuyo nthawi yaitali, anamupapasa m'khosi. Kenako anafunsa kuti, "Kunyumba alipo amene akutsokomola?"

Ndisanatsegule pakamwa apongozi anati, "Palibe, adokotala. Tonse tili gwa! Ndi mano awa, mwana akumera mano."

"Mano ake ndi aulesi bwanji, miyezi yonseyi akadali panjira?" anatero adokotala. "Nanga inu mayi, mankhwala aja mukumwa, kapena mukudyetsa nkhuku? Maso anuwo sakundisangalatsa. Anesi, atengeni mayiwa mukawayeze BP. Koma ayambe agona kaye pabedi apume, musawayeze ali wefuwefu."

Apongozi anakana kuti ali bwino, koma anesi anali atawagwira kale dzanja. Chitseko chitatsekeka, adokotala anandikokera mpando. Amayi, chikwatiwire kuno ndinali ndisanaukhalepo mpando umenewo.

Anati, "Amake Batani, ine ndimadutsa pakhomo panu. Kale atelala ankandikuwira ali pakhonde kuti buluku langa likuchititsa manyazi boma. Pano pakhonde pali zii. Makina aja apita kuti?"

Ndinayamba kulira, ndipo ndinawauza zonse. Ndikuuzeninso inu. Apongozi aamuna anayamba kutsokomola chaka chatha, anaonda, nthawi zina pakansalu kawo pamakhala magazi. Apongozi aakazi anati anthu akamva chifuwa chimenecho pakhonde sabweretsanso nsalu, ndipo ino ndi nyengo ya mayunifolomu, ndi imene imatidyetsa. Ndiye tinanyamula makina kuwalowetsa m'chipinda cham'kati. Inenso ndinagwira nawo mwendo umodzi. Zenera anatseka n'kupachikapo bulangete kuti oyandikana nawo asamve. Wobwera ndi nsalu amalandiridwa pakhonde, apongozi aakazi amamuyeza okha ndi tepi, wailesi atakweza. Ndipo ine ndikamapita kumunda, Batani ndinkamusiya m'chipinda momwemo. Ankakhala pansi pa makina kuseweretsa zigamba, akatopa agogo ake ankamugoneka pachifuwa. Ndinkaona ngati ndamusiya pabwino, Amayi, kopanda dzuwa, kopanda mvula.

Adokotala anagwira mutu ndi manja awiri. Sanandikalipire. Anati, "Mwana wamsinkhu uwu chifuwa chachikulu sachitola pamsewu. Amachitenga kwa munthu amene amamunyamula." Anati sanganene motsimikiza, chifukwa mwana wamng'ono satulutsa makhololo oti ayezedwe, ndipo makina ojambula m'chifuwa kuno kulibe. Ayenera kupita ku chipatala chachikulu, mwina akagonekedwa. Galimoto yobweretsa mankhwala imabwera kamodzi pamwezi, Lachisanu, ndipo anati likubwerali andisungira malo pobwerera. Ndinafunsa ngati achire. Anati matendawa amachizika, koma mwana alibe thupi loti adikire nalo. Anandipatsa timabotolo tiwiri tolavuliramo, kena ka agogo ake, kena kanga. Kangako ati n'kongotsimikizira chabe. Ndimatsokomolako pang'ono m'mawa, koma ndi utsi wa kukhitchini, musade nazo nkhawa.

Ndinawapempha kuti asanene kuti ndaulula ndine. Anati pakamwa pawo sipatuluka dzina langa. Ndipo anayesetsadi. Loweruka anabwera panjinga yamoto atanyamula buluku long'ambika, akukuwa kuti, "Atelala alipo? Ndavala zigamba mokwanira!" Apongozi aakazi anati awasiyire bulukulo, iwo anati ayi, telala ayenera kuona yekha mwini thako. Analowa. Tili panja tinamva chifuwa chija, kenako tinaona bulangete likuchoka pazenera, zenera n'kutseguka. Anakhalamo nthawi ndithu. Potuluka anauza apongozi aakazi ndi bambo ake a Batani kuti nyumba yonse iyenera kuyezedwa, kuti mankhwala ndi aulere, ndiponso kuti munthu akayamba kumwa sachedwa kusiya kupatsira ena.

Koma njinga yamoto ya adokotala siima pakhomo anthu osaiona. Dzuwa lisanalowe amayi awiri anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Wina anaima patali n'kutuma kuti timuponyere. Dzulo kunabweranso ena.

Apongozi aakazi si mwana. Anandipeza pamtsuko wa madzi n'kunena kuti, "BP yanga inali bwinobwino tsiku lija. Mwachita bwino, apongozi, mwatigulitsa. Tsopano muziphika pakamwa panupo, tidye." Chiyambire pamenepo sanandilankhulenso. Mbale yanga ndi ya mwana anaziika pazokha, ngati odwala ndife tokha.

Bambo ake a Batani ndiye anandiopsa. Mukudziwa kuti si munthu waukali, koma anakhala pachitsa atazolika, n'kunena kuti mlongo wawo anapita ku chipatala chachikulucho ndi miyendo yake, anabwerako atanyamulidwa. Ati mwana akakwera galimoto ija mudzi wonse udziwa kuti zimene akunena anthu n'zoona, ndipo makina aja sadzaliranso. Ati tidikire mayunifolomu athe, mwana azimwa amadzi omwe aja. Ndinati, "Bambo ake, tamunyamulani mumve mmene wapepukira." Sanamunyamule. Anati, "Ukakwera galimoto imeneyo, ukwere ndi katundu wako yense."

Amayi, munandilangiza kuti banja ndi kupirira, ndipo ndapirira zambiri zimene sindinakulembereni. Ichi chokha chandikanika.

Lero m'mawa onse atapita kumunda, apongozi aamuna anandiitanira pazenera. Chibwerere adokotala, apongoziwo salola kuti Batani alowe m'chipindamo. Mwana akapezako timphamvu amakwawira pachitseko, amachimenya ndi dzanja akulira, iwo m'katimo ali chete, makinanso ali chete. Anandipatsa kabotolo kaja, kamene ndinawapatsira mobisa, atakakulunga m'chigamba, n'kunena kuti, "Kapereke kwa adokotala, apongozi ako aakazi asaone." Kenako anafunsa ngati mwana wadya. Ndinati pang'ono. Anati, "Tamutembenuza ndimuone nkhope." Ndinatembenuka, Batani atawaona anatambasula manja, iwo anabwerera m'mbuyo atatseka pakamwa ndi nsalu. Anati, "Pita naye, mwana wanga. Mawu anga m'nyumba muno anatha, koma pita naye." Munthu wamkulu ngati uja, sindinamuonepo akugwetsa misozi.

Timabotolo tonse ndakasiya. Ndinapeza mzere utafika pamsewu, adokotala ali ndi mayi wina wovutika pochira, malaya ali magazi okhaokha. Anangosuzumira pachitseko n'kundiuza kuti, "Lachisanu m'mawa, musachedwe. Dalaivala sadikira munthu, amaopa mtsinje ukadzaza." Ndinafuna kuwauza za mawu a bambo ake a mwana, koma anesi anawaitana m'kati.

Ndiye pempho langa ndi ili, Amayi. Lachisanu masana mukandidikire pageti ya chipatala chachikulu. Ine sindinafikeko, ndikuopa kusochera m'makonde ndi mwana, ndipo akamalankhula mofulumira mutu wanga umaima. Mutenge bulangete, beseni ndi kapu, chifukwa kuno ndituluka ngati ndikupita kusikelo, ndi nsalu ziwiri basi. Bambo muwauze pang'onopang'ono, asabwere kuno ndi mkwiyo, pakhomo pano pali kale odwala. Muwafunsenso ngati kachipinda kosungiramo matumba kaja kangakonzedwe, mwina tikatuluka m'chipatala tidzasowa kolowera. Sindidzakhala mtolo, ndidzalima.

Mundiperekere moni kwa bambo, kwa achimwene ndi alamu anga, ndi kwa azakhali. Ana a achimwene muwauze kuti Batani akuwapatsa moni, koma tikadzafika asadzathamangire kumunyamula mpaka adokotala atalola. Muwafotokozere bwino, asadzaone ngati ndikuwamana mwana. Amayi a kumpingo muwapemphe atikumbukire, dzina la matenda musatchule. Muwapempherere ndi atelala, alibe wina.

Mukapanda kundipeza pageti, mukafunse ku chipinda cha ana. Mukapanda kundipezanso kumeneko, ndiye kuti sindinathe kutuluka pakhomo pano. Pamenepo musabwerere kunyumba, Amayi. Mukwere yobwera kuno, mudzamutenge ndinu.

Ndine mwana wanu,
Amake Batani