Foni Imene Sindinayankhe

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Kabwata tilipo, magetsi okha ndiwo amabwera ngati alendo. Amina, mng'ono wanga, ali ndi mwana wamkazi ku Chelstone, ndipo tamutcha dzina lanu. M'kamwa mwake ndi mwanu ndithu, salola kuti wina amalize kulankhula. Mtengo wa mapeyala uja wabereka mpaka nthambi ina kuthyokera pampanda wa aneba.

Ine ndinabwerako ku Ulaya, ndikuphunzitsa kuno. Ntchito ndi yomwe ija munkandiseka nayo kuti, “Iwe Halima na vinthu vako vosaoneka, uzabwela liti?” Lero ndikufotokozereni bwino. Timawomba kanthu kosaoneka ndi maso kotchedwa atomu ndi kuwala kwamphamvu kwa makina otchedwa leza, kumene kumazungulira ngati muvi wa wotchi. Kanthu kakang'ono kotchedwa elekitironi kamathothokamo, ndiye tikaona komwe kagwera timadziwa nthawi imene kanatuluka. Kuphethira kwa diso n'kuchedwa kwambiri poyerekeza. Akatswiri mpaka pano akukangana ngati kamayamba kazengereza pakhomo kapena kamangochoka.

Koma nthawi imene munachoka inu, Amayi, sindiidziwa, ndipo zimandipweteka.

Ku Ulaya kuja, m'chipinda cha leza sitinkalowa ndi foni. Tsiku lija nditatuluka ndinapeza kuti nambala yanu inandiyimbira kamodzi, nthawi ili 2:12 masana. Nditayimbanso anayankha ndi achimwene anga, a Yusufu, akulira. Mwa Chisilamu chathu maliro sagonera, choncho dzuwa lisanalowe munali mutaikidwa kale, ine ndikadali pakompyuta kufunafuna ndege. Pepala la kuchipatala linangoti “cha m'ma 2 koloko.” Amina akuti panthawiyo anali atapita kukagula madzi.

Ndiye anayimba ndani? Munali inu, mukufuna kunditsanzika, kapena achimwene atatenga foni yanu zonse zitatha? Iwo okha ndiwo akudziwa. Zaka ziwiri tsopano ndimadya nawo Lachisanu lililonse ku Kaunda Square, koma ndikati ndifunse, ndimangoyamba nkhani ina. Munkati wofunsa sasochera. Ine ndikuopa yankho.

Ndakusowani, Amayi. Ndikulonjeza kuti Lachisanu likubwerali, akachoka kumzikiti, ndiwafunsa. Akati munali inu, ndidzalira chifukwa sindinayankhe. Akati anali iwo, ndidzaliranso, chifukwa ndiye kuti simunandiyitane.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Halima