Zitsekero Zanga, Maikolofoni Ake

Lachinayi madzulo, ku Katete.

Lero mtima wandiwawa tsiku lonse. Mawa kuli msonkhano wa aphunzitsi a maboma atatu, ndipo ine andipatsa ntchito yoitana olankhula ndi kuliza belu mphindi khumi zikakwana. Woyamba kulankhula ndi Esinati wa ku Vubwi. Adzafotokoza za kuphunzitsa ana kuwerenga pogwiritsa ntchito zitsekero za mabotolo.

Zitsekerozo anazionera m'kalasi mwanga, chaka chija tinkaphunzitsa limodzi ku Sinda. Ndinkazitola ndekha kumsika, kuzitsuka, n'kulembapo zilembo ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo. Iye ankandiseka kuti ndasanduka wotola zinyalala.

Ndayeserera mawu omulandirira pamaso pa amuna anga. Akuti, "Mukafika pa dzina lakelo, nkhope ikuchita ngati mwatafuna ndimu. Bwerezani." Ndabwereza kanayi.

Masana Esinatiyo wanditumizira uthenga woti, "Asisi, mawa ndidzakutchulani." Kunditchula basi. Iye pa maikolofoni, ine ndi belu ngati kuti ndi nthawi ya buleki.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti amalankhula bwino kuposa ine, ndipo ndikudziwa.

Mphindi zake khumi ndidzamupatsa zonse. Koma akangopitiriza ndi liwu limodzi, belu limenelo lidzamveka mpaka ku Vubwi.