M'nyumba Muno Sitinama

14 Julayi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Ndalemba kuti mumve kwa ine nkhani ya mayi uja munatipezera kuti azisamalira Amayi, asanakuimbireni foni n'kuyamba kukometsera zake. Ndamuchotsa ntchito.

Mukudziwa kuti mutu wa Amayi sukugwiranso. M'mawa uliwonse amasita malaya oyera a Abambo, n'kuwapachika pampando, kenako amafunsa kuti, "Kodi abambo anu ali kuti?" Tsiku lina ndinachedwa kunyamuka, ndiye ndinamumva mayi uja akuyankha mosaphethira n'komwe kuti, "Apita kuntchito, agogo, abwera madzulo." Amayi anasekerera n'kumwa tiyi wawo. Tangoganizani, munthu amene tinamuika m'manda chaka chatha.

Ndinamuitanira kukhitchini. Akuti, "Achimwene, akamva zoona amalira ngati maliro achitika lero, mawa lake aiwala, afunsanso. Bodza langali likupweteka ndani?" Ndinamuuza kuti bodza lilibe laling'ono. Abambo anatilera ndi lamba pa nkhani ya kunama, inu chipsera chanu chikadali pamwendo. Sindingalole kuti lero azinamiziridwa m'nyumba mwawo momwe.

Tsopano ndimayankha ndekha. Ndimakhala m'mphepete mwa bedi, ndimawagwira dzanja mwaulemu n'kunena kuti, "Amayi, Abambo anamwalira." Amafunsa kuti liti, ndimawauza. Amafunsa chifukwa chake tinawabisira, ndimati ayi, munalipo, munakhala pafupi ndi bokosi. Kulira kwake kumamveka mpaka kumsewu, moti poyamba aneba ankathamangira kudzapepesa. Mlamu wanu amathawira kubafa n'kutsegula mpopi kuti asamve. Akuti ndine wouma mtima, koma mtima wanga uli mbee, ndipo tulo ndikupeza bwinobwino.

Pempho langa ndi ili: mukaimba, lekani kuwauza kuti mwalankhula ndi Abambo ndipo ali bwino. Ndinakumvani Lamlungu. Ndinachita manyazi, achemwali, inu amene munandiphunzitsa kupemphera. Mukapitiriza, foni sindidzawapatsanso.

Ndipo zipatso zake zayamba kuoneka. Sabata ino sanafunse, simbi sanaigwire. Amangokhala choyang'ana khoma, tiyi amazizira pathebulo, diresi lawo layamba kukhwepa. Ine ndikuona kuti choonadi chakhazikika.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwauze azimvera. Mlamu wanu akupereka moni wambiri. Amayi ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira mlamu wanu mkono n'kunong'ona kuti, "Bambo wolengeza maliro uja wabweranso. Lero wamwalira ndani?"

Choncho moni wawo sindilemba, chifukwa sanapereke.

Ndine mlongo wanu wokukondani.