Buku lazimiririka m'foni bambo asanamve mapeto

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanuli n'kumapukusa mutu ndi mavuto a anzanga, lero wagwa m'mbuna ndine. Mwina muona ngati nkhani yanga ndi yachibwana poti ndi ya buku, koma ine ikundisowetsa mtendere.

Amuna anga anali okonza mawotchi ndi mawailesi, pa kabenchi kawo pakhonde la sitolo ya nsalu. Maso ndiwo anali khasu lawo. Matenda a shuga anawalanda masowo, kenako anagwira impso. Mwezi watha adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndikawasamalire kunyumba. Sindine mwana, ndinamva chomwe ankatanthauza.

Munthu amene ankawerenga ngakhale pepala lokulungira sopo, atakhala mumdima anasanduka wina. Kanthu kakang'ono, ukali. Mwana wathu wamkazi, yemwe anakwatiwa kutali, atabwera kudzawazonda anandilembetsa ku laibulale n'kundiikira m'foni kapulogalamu kobwerekera mabuku omvera. Umasankha buku, kulitsitsa m'foni, ndiye munthu amakuwerengera. Wowerenga buku lathu ndi mayi wa mawu okoma ngati wa pawailesi, moti ine ndinamutcha mkazi mnzanga. Ndikangotsegula chitseko pochokera kuhotela komwe ndimasita zovala, bambo ankati, "Mayi, tandiikirani mkazi mnzanu pamtsamiro apa, inu mukapumule." Tinkaseka. M'nyumba muja munali mutasowa kuseka.

Bukulo ndi la mayi wina amene mwana wake anasowa pasiteshoni ya sitima, ndipo wakhala akumufunafuna kwa zaka. Litafika pakati, bambo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ine ndatopa, mayi. Koma sindingapite ndisanamve ngati mayiyu amupeze mwana wake. Ndikangomva, basi, ndipumule."

Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwagawira bukulo ngati mankhwala. Likangofika pokoma, ndinkazimitsa n'kunena kuti batire latha. Akasinza ndinkalibweza m'mbuyo kuti mawa tiyambirenso pomwe tinadutsa kale. Ndinkaganiza kuti bukulo likamatalika, nawonso masiku awo azitalika.

Sabata yatha, mayi uja atangoima pageti la nyumba yomwe anauzidwa kuti mwana wake amakhalamo, ndinazimitsa monga mwa nthawi zonse. Mawa lake kutsegula foni, buku mulibe. Akuti nthawi yobwereka yatha, labwerera lokha. Ndinayesa kubwerekanso, akuti lili ndi munthu wina, ndikhale pamzere, ndipo mzerewo ndi wa miyezi. Aphungu, miyezi ndiitenga kuti ine? Nanga buku losagwirika ndi manja limakhala bwanji ndi mzere? Ndayesa kutenga lina lililonse, foni ikuti kadi yanga ya laibulale ili ndi vuto, pena ikuti malo m'fonimo adzaza. Ku laibulaleko ndikuchita manyazi kupitako ndekha, n'kwa anthu ophunzira kuja.

Bambo nditawauza anangotembenukira kukhoma. Anati, "Nayenso mkazi mnzanu wandithawa." Chichokereni bukulo, chakudya akungolawa n'kukankha mbale. Wokonza mafoni wina pamsika akuti akhoza kundipezera bukulo pa intaneti mwa njira zake. Mlamu wanga akuti ndingopeka mapeto, ndiwauze kuti ndinamvera ndekha, mwana anapezeka, nkhani yatha. Nditani? Ndipo bukulo likapezeka, ndiwalole amve mpaka kumapeto? Ndikuopa, aphungu.

E. N., kuseri kwa depoti ya mabasi

Mayi E. N.,

Pepani ndi mtolo umene mwasenzawu. Nkhani yanu si yachibwana, ndaiwerenga mtima ukuwawa. Koma nthawi yolirira limodzi tilibe, choncho tiyambe ndi foni, poti ndiyo yosavuta.

Simunaononge kanthu. Laibulale imagula chilolezo cha makope ochepa a buku lomvera, mwina limodzi lokha, ndipo kope lililonse limapita kwa munthu mmodzi panthawi imodzi, ngati la pepala lomwe. Mzere ukuchokera pamenepo. Tsiku likakwana limabwerera lokha, silifunsa ngati m'nyumba muli wodwala.

Mawa lomwe, pemphani chilolezo kuntchito mupite ku laibulale. Manyaziwo muwasiye pakhomo, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anthu aja analembedwa ntchito kuti athandize inuyo, osati mabwana okha. Tengani foni, kadi ya laibulale ndi chitupa chanu. Vuto la kadi kawirikawiri limakhala loti yatha nthawi kapena nambala yachinsinsi yasokonekera, ndipo amakonza inu mutaima pomwepo. Za malo odzaza, fufutani mavidiyo a m'magulu a pafoni aja, omwe munaseka kamodzi n'kuwaiwala. Zithunzi za bambo zokha musakhudze.

Mukafika patebulo, musangoti, "Ndikufuna buku lakuti." Auzeni zoona, kuti mwini kumvera akudwala mwakayakaya. Lowani pamzere ndithu, koma funsani ngati bukulo lilipo lina lowerengedwa ndi munthu wina, kapena la pa CD, kapena ku laibulale ina yomwe amagwirizana nayo. Sindikulonjezani kuti akudumphitsani mzere, chifukwa nthawi zambiri makina sawalola, koma munthu akamva chifukwa amasakasaka mosiyana ndi wongofunsidwa dzina la buku. Likapezeka, litsitseni pa wayifayi yawo ndipo musanyamuke mpaka litalowa lonse. Mapulogalamu ambiri amakumbukira pomwe munalekezera. Mtsogolo muno muziyang'ana tsiku lobweza, ndipo likamayandikira muzipempha kuonjezera nthawi, zomwe zimatheka ngati palibe wina akudikira.

Tsopano funsani chinthu chomwe mzere wake umakhala waufupi: buku lomwelo la pepala. Anthu athamangira zam'foni, la pepala mwina langokhala pashelefu likudya fumbi. Mkazi mnzanu wathawa, chabwino, koma mkazi wamkulu alipo ndipo pakamwa ali napo. Kalata yabwino chonchi mwalemba nokha, mulephera kuwerengera amuna anu mitu ingapo? Mukakakamira pa liwu lovuta, iwo akukonzani, ndipo mudzaona kuti kukonza mkazi wawo kuwadzutsa kuposa mankhwala.

Wa pamsika uja mukaneni. Zotola m'njira zamdima ndi kuba, zimabwera ndi tizilombo toononga foni, ndipo zina zimadukira panjira. Tangoganizani litadukiranso pageti pomwe paja. Nzeru ya alamu anu nayonso ayi. Munthu wayenda ndi mayi uja ulendo wonsewu, musamupatse mapeto opeka pakhonde. Mwina m'bukumo mwana sapezeka, sindikudziwa. Ngakhale zitatero, ali ndi ufulu womva zenizeni.

Za kusadya musazengereze nazo. Munthu wa shuga amene akumwa mankhwala koma osadya ali pangozi, choncho uzani anamwino kapena adokotala lero lomwe. Muimbirenso mwana wanu, mumuuze momwe zilili mosabisa, abwere bambo ake adakali kulankhula. Mutu umodzi susenza denga, ndipo inu mwalisenza nokha nthawi yaitali.

Ndafika pa funso lanu lenileni, ndipo sindikunyengererani. Chomwe chikuwatenga amuna anu ndi impso, si buku. Mutabisa mutu womaliza pansi pa bedi, matendawo sadikira. Munachita zija chifukwa cha chikondi, palibe angakuweruzeni, koma taonani pomwe zakufikitsani: masiku omwe munkafuna kuchulukitsa akutha iwo atayang'ana kukhoma. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi, wapachala ngwa mphepo.

Ndiye ndikufunseni. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akutsegula mawailesi, mukuganiza kuti sadziwa kuti batire silitha pamalo okoma pokhapokha tsiku ndi tsiku? Munthu womva wotchi yodwala ndi khutu, sangazindikire kuti mutu uwu anaumva kale dzulo? Ine ndikuti ankadziwa. Anakusiyani muzinama chifukwa anaona kuti amene sanakonzeke ndi inu. Iwo akudikirani mokwanira, tsopano ndi nthawi yanu yowachitira chifundo.

Khalani pamphepete pa bedi, foni muiike kutali, mutsegule bukulo pageti paja. Mukamaliza, akakhala ndi mphamvu, afunseni kuti mawa mukabwereke buku liti. Akapanda kuyankha, agwireni dzanja, mwachita mbali yanu.

Chenjezo langa ndi limodzi. Masamba akamachepa m'dzanja lanu lamanja, mtima udzakuuzani kuti mutseke, mumalize mawa. Musaumvere. Buku la pepala lilibe batire, mayi, ndipo mawa simunalonjezedwe. Werengani mpaka geti litseguke.

Aphungu