Munda Wanu Wagulitsidwa ku Masanje

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Nkhulambe tilipo. Nandolo wachita bwino chaka chino, koma chinangwa chakumtunda anyani atithandiza kukolola. Ng'ono wanga Esinati anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija.

Koma chimene ndakhalira pansi kulemba ndi masanje. Munkatiuza kuti pa utsikana wanu anthu akakolola, ana munkamanga tinyumba tamapesi, kukunkha chimanga chotsalira, wina n'kukhala bambo, wina mayi, wopanda mnzake n'kukhala fisi. Ife tinawonjezapo aphunzitsi ndi anamwino, jakisoni wake waminga. Zinali zabwino. Chibwerereni matipate, ana akusewera msonkhano wa chipani. Wina amakwera pachulu n'kumamwaza masamba a mango, ati ndi ndalama, anzake n'kumalimbirana ngati nkhuku. Ena akusewera maliro, poti ndi zimene akuona sabata iliyonse. Zimandinyansa, amayi, mpaka ndinaletsa Lute wanga kupitako. Iye n'kumva ayi.

Lachiwiri ndinapita kukamutenga ndi kamtengo m'manja. Ndinawapeza kuseri kwa nthochi, ndipo ndinaima kaye kuti ndione. Mwana wa achimwene anga a Dayisoni anavala chipewa cha bambo ake, akuyenda motsimphina monga amayendera iwo. Mnzake anapachika magalasi awaya, ati ndi bwana wa ku boma. Awiriwo ankayeza pansi ndi mapazi, ati kuchokera pa mtengo wa muwale kukafika pamwala, akukhoma zikhomo. Kenako wachipewayo anati, "Alongo anga asamve, mudzalime mvula ikagwa."

Amayi, muwale ndi mwala ndi malire a munda wanu. Kamtengo kaja kanandigwa m'manja. Paja munkati mwana sapeka, amangotola zimene akulu agwetsa.

M'mawa mwake ndinapita kumundako, ndipo zikhomo ndinazipeza, zenizeni, zopaka utoto wofiira. Nditawafunsa achimwene, anangoyamba kukalipira mwana wawoyo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, amene anakwatira kwina ndipo ali ndi munda kuchikamwini kwake, kugulitsa nthaka ya alongo ake mwakabisira! Pamaliro anu ndi iwo amene ankalira kwambiri, mpaka kuwagwira anthu awiri. Lero ndikawaona malovu amandiwawa m'kamwa. Moni wawo sindikuyankha.

Zikhomozo ndinazula zonse, ndinaphikira nandolo. Lute sindinamukwapule, ndipo kumasanje ndamulola azipita. Bwana weniweni amene wagula mundawo akuti abwera Loweruka ndi pepala lake. Abwere, adzandipeza ndili m'mundamo ndi Esinati, khasu m'manja, khanda kumsana.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani, ndipo ndikulonjeza kuti ndikadali ndi mpweya, m'munda mwanu simulowa khasu la mlendo.

Ndine mwana wanu,
Felesita