Moto wa ku Japan

Maryhill,
Glasgow.
21 Okutobala 2024.

Okondedwa achemwali a Nellie,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino kopitirira muyezo. Mudabwa kuti lero ndagwira cholembera, ine amene ndimayankha mauthenga anu ndi kachala kamodzi koloza m'mwamba. Nkhaniyi pa foni mukanandidula pakati ndi mafunso anu aja, ndiye ndati ndilembe kuti muimve yonse mosandisokoneza.

Atupele mukumudziwa, mwakhala mukumuona pa zithunzi n'kumandifunsa kuti ndikudikira chiyani. Chimene ndinkadikira ndi azakhali ake, mayi Ndapile, a ku Easterhouse. Iwowa ndi amene anamulera kuno makolo ake atamwalira, ndipo Atupele anandiuza mosapsatira kuti popanda mawu awo za ukwati ndiiwale. Mayiwa ndi mtsogoleri wa amayi ku mpingo wa chipentekosite. Atamva kuti ndine wa CCAP anangoti, “Aja oimba ataima njo ngati akudikira basi? Mulibe moto mmenemo.” Kuyambira pamenepo ndikawapatsa moni ankayankha akuyang'ana nsapato zanga.

Tsopano ndikuuzeni za matenda anga atsopano, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Chaka chatha ndikuchokera kuntchito kuchipatala, mvula inandipanikiza ku Partick, ndipo ndinakausa m'kasitolo kogulitsa zimbale zakale, zakuda zija za galamafoni. Mmenemo munkalira nyimbo imene inandiimitsa pakhomo pomwepo madzi akuchucha m'jekete. Ndi nyimbo za ku Japan, achemwali, koma musaganize za mafilimu a karate aja tinkaonera ku Ndirande. Anthuwa amatenga kaimbidwe ka m'mahotela akale, ka malipenga ofewa ndi kalimba kaulesi, n'kusakaniza ndi ng'oma za pa kompyuta. Pakati pa nyimbo mumangomva belu la pakhomo lalira, kenako telefoni yakale, kenako wina watsegula botolo, pho! Atsikana n'kuyamba kuti pa-pa-pa-ya, pa-pa-ya, ngati padziko pano palibe aliyense wodwala mutu. Ngakhale zithunzi za pa zikuto n'zanthabwala zokhazokha: madiresi amadontho, magalasi akuluakulu, tsitsi lotukumuka ngati la amayi pa chithunzi cha ukwati wawo chija. Kuno mdima ukayamba kugwa anthu asanaweruke mtima umalemera, koma ndikangoika chimbale chimodzi ndimapezeka ndikuvina ndi mopu. Ndinagula kagalamafoni kanga, ndipo masiku ano mwini sitoloyo amayamba kumwetulira ndikadali kutsidya kwa msewu.

Chinanso chimene chimandikoka n'chakuti Chijapani chimamveka ngati Chichewa chosochera. Ukamamvetsera umaganiza kuti pompano umva tanthauzo, koma ayi. Nyimbo imene ndimaikonda koposa, mtsikana woimbayo amangobwereza kuti “motto, motto, motto” ndi kamawu kotsekemera. Jennifer, mayi wachisikotishi wa nyumba yoyandikana ndi yanga, anakhalako ku Japan, ndipo anandimasulira akuseka. Anati mawuwo amatanthauza kuti “onjezera”, ndipo mtsikanayo akuuza bwenzi lake kuti lisaleke kumupsompsona.

Loweruka la pa 12 mwezi uno, Atupele anakwanitsa kuwanyengerera azakhali kuti adzadye nkhomaliro kwanga. Ndinakolopa mpaka kuseri kwa firiji. Koma mayiwa amakhulupirira kuti munthu umamudziwa ukamupeza asanakonzeke, choncho anafika nkhuku isanapse. Chitseko ndinali nditachitsegula kuti utsi wa anyezi utuluke, galamafoni ikulira mokweza, ine ndikugwedeza chiuno ndi chipande m'manja. Potembenuka ndinangoona mayi Ndapile ataima pakhomo, chikhoti chawo chili m'thupi, Baibulo lili kukhwapa. Atupele anali kumbuyo kwawo atagwira pakamwa. Nthawi yomweyo mtsikana uja anayamba zake: motto, motto, motto!

Ndinati ndathera pano. Koma mayi aja anapendeketsa mutu, maso n'kuyamba kuwala.

“Akuti chiyani mwanayu? Akuti moto?”

Ndisanayankhe, dzanja lawo linali kale m'mwamba.

“Moto! Aleluya! Atupele, ukumva? Mpaka ku Japan watsika! A Clifton, kani mumamvera nyimbo za chitsitsimutso?”

Achemwali, pakamwa panga panatuluka mawu awiri okha: “Eya, mayi.”

Anaika chikwama pansi n'kuyamba kuponda sitepe pabalaza panga, malipenga aja akulira, iwo akuvomera kuti “Moto! Moto!” Belu la m'nyimbo muja litalira anati angelo akugogoda. Anandipempherera atandigwira pamutu, ndipo patebulo anawonjezera mpunga. Aka kanali koyamba kundiyang'ana kumaso. Potsanzika anati, “Lamlungu la sabata yamawa mubwere nacho chimbalechi ku tchetchi kwathu. Ndikachitira umboni pamaso pa mpingo wonse, tikachiika pa masipika.”

Madzulo ake Atupele anandiimbira, ndipo sankaseka ayi.

“Clifton, ukudziwa kuti ma youth a ku tchetchi kwathu mafoni sachoka m'manja? Nyimboyo akangoisaka, aunt asanatsike n'komwe kutsogolo aliyense akhala atadziwa tanthauzo. Adzayenda bwanji mu Easterhouse?”

“Nanga ndikawauza zoona sandithamangitsa?”

“Mwina akuthamangitsa. Koma akakachita manyazi pagulu chifukwa cha iwe, ndikuthamangitsa ndine.”

Ndinaganiza zonama kuti chimbalecho chasweka, koma ndinadziwa kuti umboniwo akauchitabe, n'kuuza achinyamata aja kuti aifufuze nyimboyo. Lachisanu nditaweruka ndinakulunga chimbale chija m'pulasitiki n'kukwera basi ya ku Easterhouse. Ulendo umenewu ndi wautali, koma tsiku limenelo ndinaona ngati dalaivala akuthamanga dala.

Anandilandira ndi manja awiri, n'kundipatsa mpando wabwino uja wa abusa. Ine ndinausiya mpandowo, n'kunjuta pafupi ndi chitseko.

“Mayi, ndabwera kudzakonza mawu. Nyimbo ija si ya chitsitsimutso.”

“Si yoti moto?”

“Ayi. Amati motto. M'chilankhulo chawo ndiye kuti onjezera.”

“Awonjezere chiyani? Madalitso?”

Ndinayang'ana kapeti. Ndikukuuzani, achemwali, kuchipatala ndauzapo anthu nkhani zolemera, koma mawu awa anali olemera koposa.

“Kupsompsona, mayi.”

Mayi Ndapile anagwira pachifuwa.

“Ndiye ine, mtsogoleri wa amayi, ndinakweza manja pa zimenezo?”

“Eya, mayi.”

“Ndinalankhulanso malilime?”

“Pang'ono pokha, mayi.”

Anadzuka n'kulowa kukhitchini, chitseko n'kutseka. Ndinamva kaphokoso ngati munthu akutsamwa, ndipo ndinada nkhawa kuti ndawaliza mayi a eni. Ndinatsala pang'ono kukagogoda. Atatuluka maso anali ofiira, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango, koma milomo inkawakanika kuigwira. Achemwali, mayi aja ankaseka! Anakhala pansi, n'kukonza nkhope kuti ibwerere mwakale.

“Bodza lija munandinamiza kwanu ndaliona, ndipo mukalape,” anatero. “Koma mukanakhala chete mpaka Lamlungu, bwenzi ana a mu mpingo akunditcha Mayi Motto mpaka tsiku la maliro anga. Tandiuzani, mtsikana woimbayo ndi mnyamata wakeyo, anadalitsa ukwati?”

“Sindikudziwa, mayi.”

“Mmene akupemphera muja, achite changu. Bweretsani kuno chinthucho.”

Ndinawapatsa chimbale chija ndi manja awiri. Anachitembenuza, n'kuyang'anitsitsa mtsikana wa magalasi akuluakulu pa chikuto, kenako anachilowetsa m'kabati ya mbale zawo za alendo n'kukhoma ndi kiyi.

“Nyimbo ngati iyi si yomvera mnyamata wokhala yekha, amene mwana wanga amapita kukamuchezera. Ndalanda. Mudzachitenga m'manja mwanga tsiku la ukwati wanu, ndipo musandisungitse katundu wa eni nthawi yaitali. Amalume anu ali ndi foni?”

Anachita kubwereza funsolo mokweza ngati akulankhula ndi gonthi. Pobwerera sindikukumbuka kuti basi ndinaikwera bwanji, ndimangokumbukira kuti mayi wina wokalamba amene ndinakhala naye mpando umodzi anandifunsa ngati ndili bwinobwino, chifukwa ndinkaseka ndekha misozi ikutsika. Atupele nditamuuza anakuwa mpaka foni ndinaichotsa kukhutu. Dzana anandinong'oneza kuti azakhali amupempha kuti awaikire nyimboyo pa foni, akuti akufuna aipende bwino ngati ilidi yoipa. Akuti akhala akuipenda kuyambira m'mawa, uku akusita zovala.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mupite nokha kwa amalume a Tadeyo, musatume mwana, mukawauze kuti akonzeke kuyankhula ndi akuchikazi. Nambala ya mayi Ndapile nditumiza pa foni. Muwachenjeze kuti akayamba ndi pemphero lalitali asadule, angovomera kuti ameni. Za nyimbo zija musawafotokozere amalume, sangazimvetse, ndipo angayambe kukayika ngati mutu wanga ukuyenda bwino kunja kuno.

Moni kwa alamu a Eneya, muwauze kuti suti yawo ija aiyese ngati ikuwakwanabe. Moni kwa Malumbo ndi Joanna, awuzeni kuti amalume awo akufuna ovina patsogolo, ayambiretu kuphunzira. Amayi musawauze ali chiimire. Muwakhazike kaye pansi, muwapatse madzi, kenako muwauze pang'onopang'ono, ndipo akayamba nthungululu mundijambulire kuti ndidzazimve ndi makutu anga. Mukadzapita kukalambula kumanda kwa abambo, mukaime pang'ono m'malo mwanga. Mukawauze kuti mwana wawo uja ankati sadzakhazikika, anthu a eni amulandira pakhomo pawo.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Clifton.